Mtondo wa Man Clermise

Montréal, 9 Okutobala 1983

Okondedwa Manman,

Moni wochuluka kwa inu, ndi kwa amalume, Tonton Anténor, amene akukuwerengerani kalatayi. Tonton, muwerenge mokweza, musadumphe mzere ngakhale umodzi, lero ndili ndi nkhani. Ine ndi mdzukulu wanu Nadège tili bwino, kungoti kuzizira kwayamba kale.

Manman, ndapeza veritab! Konkuno ku Montréal! Loweruka ndimadutsa pa kashopu ka bambo wina wa ku Jamaica, ndangoona pakhomo zipatso zitatu zili pa bokosi, zobiriwira, zazikulu ngati mutu wa mwana, ndendende za mumtengo wathu wa kuseri kwa khitchini uja. Ndinakuwa pamsewu. Mwini shopu anatuluka akuyesa kuti anditsomphola chikwama. Ndinagula zonse zitatu, ndi therere lomwe. Zaka zisanu ndi zinayi, Manman, osalawa tonmtonm, chakudya chathu chija cha veritab yosinja!

Lamulungu titachoka ku Misa ndinasenda, n'kuphika mpaka zitafewa. Vuto linali posinja, poti mtondo ndilibe. Ndinaika mphika pansi, botolo la vinyo likhale munsi, n'kuyambapo: du! du! du! Sipanathe mphindi khumi ndinamva kugogoda kunsi kwa mapazi anga. Anali Mesye Gaétan, a nyumba ya pansi pa yathuyi, akumenya denga lawo ndi tsache. Kenako anakwera masitepe ali wefuwefu.

"Madam, mukugumula nyumba kodi? Mayi a kunyumba akufuna agoneko masana ano!"

"Pepani Mesye, ndikuphika."

"Kuphika? Ndi hamala?"

Ndinawalowetsa kuti adzionere okha. Ndinawapakulira, n'kuwasonyeza kuti umatema pang'ono ndi zala, kuviika m'therere, n'kumeza osatafuna. Koma anatafuna, Manman! Anatafuna mpaka therere kuyenderera m'ndevu. Komabe anamaliza mbale yonse, n'kupemphanso ina yoti akawapatse akazi awo, Madam Lucille, amene sakwera masitepe chifukwa cha maondo.

Amene wandipweteka mtima ndi Nadège. Anangogwira ndi chala n'kunena kuti, "Mama, uyu ndi guluu wa kusukulu." Anakadya buledi wopaka chiponde. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, mdzukulu wa Man Clermise amene Jérémie yense amadziwa dzanja lawo, sadziwa kumeza tonmtonm! Komanso sindingamudzudzule kwambiri, yangayo inatuluka yamibulu.

Ndiye ndikupempha chinthu chachikulu. Nditumizireni mtondo uja wa mtengo wa gayak, ndi munsi wake. Ndikudziwa kuti unali wa amayi anu, ndidzausamala. Madan Sorel, amene amayenda ndi malonda kuno ndi kwanuko, akhoza kunyamula. Mundiuzenso, nkhanu mumaika therere lisanawire kapena litawira?

Tikiti ndi mapepala ndinatumiza mu Juni zija mukusungabe? Yankho lanu ndikulidziwa, kuti ndege simudzakwera mpaka kufa. Ndangofunsa chabe.

Ndine mwana wanu,
Ketlie


Jérémie, 2 Novembala 1983

Ketlie mwana wanga,

Akulankhula ndi mayi ako, akulemba ndi Anténor. Ndamuuza alembe zanga zokha, asathireko Chifalansa chake cha uphunzitsi. Tili bwino, mvula yagwa yokwanira.

Kalata yako yandivinitsa pabwalo mpaka nkhuku kubalalika. Iwe, ukuyesa ndinabadwa dzulo? Mkazi wa m'banja mwathu sapempha mtondo umenewu chifukwa cha njala. Ine amayi anandipatsa tsiku la ukwati wanga, iwonso anapatsidwa tsiku la ukwati wawo. Iwe unakwatiwa ndi malemu Wilnor kutaliko ine kulibe, mtondo unatsala kuno, ndipo mpaka lero ndikaugwira mtima umandiwawa. Wavala zakuda zaka zinayi, zakwana. Tsopano mwamuna wakwera masitepe, wadya za m'manja mwako, wapempha zina, mawa lake iwe ukuti nditumizireni mtondo. Ukubisa chiyani pamenepa?

Gaétan ameneyu kwawo ndi kuti? Amapemphera? Amamwa? Nadège amamukonda? Zoti ndi mzungu ine ndilibe nazo kanthu. Kutafunako tidzamuleketsa.

Za nkhanu tamvera. Uziyamba waphika pazokha, ndi adyo, tsabola wosadula ndi madzi a lalanje lowawasa. Therere lilowe pambuyo, ndipo usavundikire mphika. Veritab uzisinja ikadali yotentha yoti ikuwotche zala, munsi uziuviika m'madzi kawirikawiri. Ukadikira kuti izizire ndiye mibulu yakoyo. Ndinakuphunzitsa zimenezi uli ndi zaka khumi, koma iwe maso anali pa anyamata a kudoko.

Mtondo wanga Madan Sorel sagwira. Mayi ameneyu anaiwalapo mwana wake yemwe m'sitima. Atenge kalata yokhayi.

Nkhaniyi ndauza Madan Occéan yekha, poti ndi mnzanga wa m'kwaya.

Mayi ako,
Clermise

Ketlie, pansi pano ndine Tonton. Akati Madan Occéan yekha ndiye kuti msika wonse. Dzulo wogulitsa makala wandigwira chanza cha mafuno abwino. Mayi ako ali bwino, kungoti anapsa pang'ono padzanja ndi mphika. Chichokere iwe sindinawaone akusangalala chonchi.


Montréal, 6 Novembala 1983

Okondedwa Manman ndi Tonton,

Moni nonse. Yankho lanu silinafikebe, koma sindingathe kudikira, zachitika zambiri. Kalatayi ndaponya pa positi.

Mesye Gaétan ndi kalipentala wopuma pantchito. Atamva kuti botolo langa lija linasweka, anapita kumudzi kwa mng'ono wawo n'kubwerako ndi chipika cha mtengo. Masiku asanu anakhala akugoba m'chipinda chawo cha zipangizo, ine ndikujambula papepala mmene mtondo umaonekera. Anafika pondiyeza mkono ndi tepi kuti munsi undikwane! Ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi, koma manja awo ngolimba kuposa a anyamata a kufakitale kwathu. Madam Lucille nawo anasoka kakhushoni kokhuthala koika kunsi kwa mtondo kuti denga lawo lipume.

Lamulungu loyamba zinayenda, Manman. Sinafike pa yanu, koma inali tonmtonm. Nadège ananyambita therere kusupuni, akuyesa kuti sindikumuona. Lamulungu lachiwiri, ndili pakati posinja, ndangomva phwa! Mtondo wang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mtengowo unali usanaume. Mesye Gaétan anakhala pampando atagwira zidutswa ziwirizo ngati afedwa.

"Madam Ketlie," anatero, "zaka makumi anayi ndikupala matabwa, sindinachitepo manyazi chonchi. Mtondo wa amayi anuwo ndikufuna ndidzauone ndi maso angawa, ndidziwe kuti ndi mtengo wanji umene wamenyedwa zaka zana osadandaula."

Kwinaku mbiri yayamba kuwanda. Mukumukumbukira Dieufort, mwana wa Bòs Elifèt wokhoma mabwato uja? Amayendetsa takisi kuno. Anandiimitsa pakhomo la tchalitchi n'kundifunsa kuti, "Sò Ketlie, n'zoona ndikumvazi, kuti kwanu kukumveka munsi?" Ndinamuuza kuti adikire mtondo weniweni. Akuti akauza anzake onse a ku Jérémie. Tilipo ambiri kuno, Manman, ndipo tonse timalota chakudya chimodzi.

Chonde, chonde, mtondo uja.

Ketlie


Jérémie, 26 Novembala 1983

Ketlie,

Ndi mayi ako. Yachiwiri yafika, Anténor wandiwerengera kawiri.

Mwamuna wokuyeza mkono ndi tepi! Mwamuna wokugobera mtondo masiku asanu, n'kulira utasweka! Bambo ako sanandigoberepo ngakhale chipande. Ndipo akuti akufuna aone mtondo wa amayi. Ife timamva, mwana wanga. Munthu waulemu sanena kuti ndikufuna kuona apongozi, amazungulira chonchi.

Ndiye tamvera. Ndikubwera ndekha. Inde, pa ndege. Ikagwa igwe, koma ukwati wachiwiri sundiphonya. Anténor watulutsa mapepala ako m'sutikesi, wapita nawo ku Port-au-Prince, wabwerako zonse zitadindidwa. Sitima yapamadzi yopita kumeneko ndikwera pa 14 Disembala, ndege pa 17.

Deresi lako tikusoka ndi Madan Occéan. Si loyera, poti ndiwe wamasiye, ndi lamtundu wa mkaka wothira khofi pang'ono, lamanja aatali chifukwa cha chisanu chanucho. Muyeso tatengera pa mwana wake Yolène, amene thupi lake ndi lako lija. Ngati wanenepa undiuze, tasiya nsalu m'mbali. Ulusi m'singano akundilowetsera ndi Anténor, singano za masiku ano maso ake ngaang'ono. Ndagulanso mbuzi, ili pachingwe kuseri, ya phwando la kuno ndikadzabwerako ndi zithunzi.

Ndikubweretsera nkhanu zouma, therere louma, khofi wa m'munda mwathu ndi konparèt wa Nadège, makeke khumi ndi awiri, ginja wake wambiri. Mtondo ndaukulunga m'bulangeti. Kodi n'zoona kuti kumeneko chisanu chimathothola makutu? Ndiuze ndidziwe chomanga kumutu.

Mayi ako amene sakugona ndi chimwemwe,
Clermise

Tonton pano. Ndege ikatera pabwalo la Mirabel nthawi ya 4 koloko madzulo. Upite ndi jekete ndi nsapato zotseka. Madan Sorel sananyamukebe, akuti mawa, ndiye atengera limodzi makalata onse awiri.


Montréal, 8 Disembala 1983

Manman! Tonton!

Madan Sorel andipatsa makalata anu awiri dzulo. Ndawerenga ndili chiimire pakhomo.

KULIBE UKWATI. Ndikubwereza, kulibe ukwati! Mesye Gaétan ndi agogo a zaka 71, ali ndi akazi awo, akhala m'banja zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Kodi sindinalembe za Madam Lucille m'makalata onse awiri? Tonton, makalata anga mumawerenga bwanji? Ine ndinapempha mtondo kuti ndisinjire veritab, mwana wanga adziwe chakudya cha kwawo. Basi!

Manman, kubwera bwerani. Ndakhala ndikukupemphani zaka zonsezi, ndipo ndikaganiza zoti mukhoza kukhala m'khitchini mwanga sabata yamawa ndikulephera kugwira singano kuntchito. Koma mubwere mukudziwa zoona. Deresi musiye. Madan Occéan muwauze atseke pakamwa, ngati n'kotheka.

Kalatayi ndapatsira akazi a Dieufort amene akukwera ndege mawa. Alonjeza kuti ifika m'manja mwa Tonton pasanafike pa 13. Pa 17 ndikakhala ndili ku Mirabel ndi jekete. Mukapanda kutsika ndidzamvetsa.

Ketlie


Montréal, 3 Januwale 1984

Okondedwa Tonton Anténor,

Chaka chabwino. Iyi ndi yanu nokha, ndipo ili ndi funso kumapeto.

Manman anafika. Ine, Nadège ndi Dieufort tinaima pamene amatulukira anthu. Anatuluka azungu, anatuluka masisitere awiri, kenako chitseko chinatseguka n'kutulukira Manman, atavala patapata, mtondo uli pamutu m'bulangeti lake, munsi uli m'manja ngati ndodo ya bishopu. Mnyamata wa yunifolomu amawatsatira ndi kangolo kuti aikepo katunduyo, iwo osamulabadira. Ndinakuwa, "Manman!" Anatembenukira kumene kumachokera mawu, ndipo ndinawakumbatira mtondo ukadali pamutu. Tinalira tonse. Atapukuta misozi anafunsa:

"Nanga mkamwini wanga ali kuti?"

"Manman, kalata yanga simunalandire?"

"Iti?"

Ndinawafotokozera tili m'takisi. Dieufort anayesetsa kudzigwira, koma nditafika pa zaka za Mesye Gaétan anaimika galimoto pambali pa msewu n'kugwetsa mutu pa chiwongolero, mapewa akugwedezeka. Manman anamumenya ndi chikwama pamsana.

"Iwe mwana wa Elifèt, ndinakusambitsa ine uli ndi chipere. Yendetsa galimoto!"

Atatero sanalankhulenso. Masiku atatu, Tonton. Anakhala pabedi atavala jekete, kuyang'ana khoma. Nadège yekha ndi amene amamulola kukhala pambali pawo, kumamupatsa konparèt mwakachetechete. Tsiku lachitatu ndinamva akudziyankhulira: "Kwaya yonse. Msika wonse. Ndikabwerera bwanji ine?" Ndinaopa kuti andiuza kuti ndiwakweze ndege ya mawa lake.

Anatipulumutsa ndi Dieufort ndi pakamwa pake. Anauza anzake a matakisi kuti mtondo wa Man Clermise wafika. Loweruka pa 24 belu la pakhomo linayamba kulira m'mawa. Woyamba anali Dieufort, atanyamula veritab ziwiri. Kenako nesi wina, mwana wa Madan Prophète wa kumtunda kwa tchalitchi, ndi imodzi. Kenako amuna atatu amene anayenda mashopu onse a mumzinda muno mpaka kupeza zisanu. Aliyense amavula nsapato, kupita pakhomo la chipinda n'kunena kuti, "Man Clermise, ndine uje, mwana wa uje." Manman amangoti "mm." Ine ndinasenda, ndinaphika, n'kuthira mumtondo, n'kuyamba kusinja. Ndinangomenya kanayi. Chitseko chinatseguka.

"Ndani akupha mtondo wanga?"

Anavula jekete, kumanga mpango m'chiuno, kundilanda munsi. Tonton, kamvekedwe kaja mukukadziwa, kawiri mwamphamvu kamodzi mopepuka, munsi ukutembenuka m'manja. Bambo wina wamkulu, amene wayendetsa takisi kuno zaka khumi ndi zisanu, anatulukira pakhonde m'chipale chofewa osavala jekete kuti tisamuone akulira.

Tsache silinagogode. M'malo mwake anabwera okha Mesye Gaétan, ndipo anyamata awiri ananyamula Madam Lucille pampando kukwera nawo masitepe. Manman anaimitsa munsi, kuyandikira Mesye Gaétan mpaka mphuno kutsala pang'ono kugundana, n'kuwayang'ana kuyambira kudazi mpaka kundevu.

"Ndi ameneyu?"

"Ndi amenewa, Manman."

"Hm. Ndi bwino kuti ali ndi mwini wake. Akanakusiyanso wamasiye Pasaka asanafike."

Anthu anafa nacho chiseko. Madam Lucille anafunsa kuti akuti chiyani, ndipo Dieufort anawamasulira zonse, kuyambira pa deresi mpaka pa mbuzi. Mayiwo anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti, "Auzeni amutenge, ndiwonjezerapo ndi tsache." Mesye Gaétan anafiira makutu, koma anagwada pansi kusisita mtondo, kuugogoda ndi chala, kuununkhiza. Manman anawapatsa munsi kuti ayese, n'kumawakalipira m'Chikiliyo, chinenero chathu, iwo akuyankha m'Chifalansa, ndipo amamvana ndithu.

Tinadya tilipo anthu makumi atatu ndi mmodzi m'zipinda ziwiri, ena atakhala m'bafa. Nadège anakhala pamiyendo ya agogo ake. Anamutemera kakang'ono ngati nyemba n'kumuuza kuti, "Tseka maso, uganize kuti ndi mankhwala okoma." Anameza. Anameza kasanu ndi kawiri, akuwerenga mokweza. Tsopano anthu apempha kuti tizichita Loweruka lililonse, ndipo Manman ayamba kale kulamula kuti uje azibwera ndi adyo, uje ndi malalanje. Deresi akuti likhale, Nadège adzalipeza.

Tsopano funso langa. Tsiku limenelo ndinaona Manman akufuna mchere, dzanja likupapasa patebulo pamene mchere uli patsogolo pawo penipeni. Khofi amathira pambali pa kapu. Dzulo masana anamutengera Nadège pawindo pamene pali kuwala, n'kumugwira nkhope ndi manja awiri nthawi yaitali, akumuyang'ana chapafupi kwambiri. Nditawafunsa anati ndi utsi wa makala wa zaka zambiri, ndisawavutitse.

Tonton, akazi a Dieufort abwerako, ndipo akulumbira kuti kalata yanga anakupatsani m'manja pa 13, muli pakhonde. Mukudziwa chiyani chimene ine sindikudziwa?

Mwana wa mlongo wanu,
Ketlie


Jérémie, 24 Januwale 1984

Ketlie mwana wanga,

Chaka chabwino kwa nonse. Kalata yako ndawerenga katatu, ndipo pa bambo wolira pakhonde paja inenso ndinavula magalasi.

Ndaphunzitsa ana kuwerenga zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Sindidumpha mzere mwangozi. Madam Lucille ndinawaona m'kalata yoyamba, ndinawaonanso m'yachiwiri, pamodzi ndi zaka za amuna awo, ndipo ndinawameza osatafuna. Za ukwati sindinayambitse ine. Anayambitsa okha mayi ako nditangofika pa mawu akuti mtondo, ine ndinangosiya kuwakonza. Kalata yako ya pa 8 Disembala ili m'thumba la jekete langa la ku Misa mpaka lero.

Chifukwa chake ndi ichi. Mu Ogasiti ndinawaperekeza kwa dokotala wa maso amene anabwera kuno kwa sabata imodzi. Anati maso onse awiri ali ndi ng'ala, ndipo pakatha chaka osachita opaleshoni sadzaonanso. Kuno opaleshoniyo kulibe. Mayi ako anandilumbiritsa kuti ndisakuuze, akuti uli ndi mavuto ako okwana. Ndinawachonderera kuti agwiritse ntchito tikiti yako, akaone mdzukulu wawo maso akadalipo. Anakana. Mlongo wangayu ndamudziwa zaka makumi asanu ndi limodzi: chifukwa cha iye mwini sangawoloke ngakhale msewu, koma chifukwa cha ukwati wa mwana wake akhoza kuwoloka nyanja. Lumbiro lija ndaliswa lero, ndipo ndikaulula kwa abambo mfumu Loweruka pamodzi ndi bodza linalo.

Upite nawo kwa dokotala wa maso sabata ino. Akakana uwauze kuti Nadège akufuna agogo ake adzamuone akulandira Ukalistia woyamba. Zolipira tidzathandizana, ndili ndi kamunda ka khofi kaja.

Za kuno asadandaule. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinaima pamasitepe n'kuuza anthu kuti ukwati kulibe, wolakwa ndine, ndinawerenga molakwika chifukwa cha ukalamba. Anandiseka mpaka kumsika, ndipo ana akumanditsatira akufuula kuti mphunzitsi Mèt Anténor abwerere kalasi yoyamba. Zilibe kanthu. Kenako ndinawawerengera za anthu makumi atatu ndi mmodzi aja, dzina lililonse limene unatchula. Madan Prophète analira. Pofika Lachitatu pakhonde panga panali patadzaza timapukusi ta nkhanu zouma ndi therere, kalikonse kolembedwa dzina la mwana wa munthu. Madan Sorel akuti sutikesi yawo siikwana, ndiye muyembekezere theka.

Zimene ndakuuzazi ukhoza kuwauza mayi ako, sindikuletsa. Koma uyambe wawadyetsa, uwakhazike pansi, ndipo munsi ukhale uli m'chipinda china.

Amalume ako,
Anténor